Kumanga holo ndi mashopu pamalo a mbiri yakale: poyambira ndi potsatira

Mukapezeka mu Blantyre, kayendereni Mandala House musanajambule pulani iliyonse. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo dzinali linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, amene anthu ankamutcha Mandala. Papita zaka zoposa 140 koma ikadali chilili, khonde lake likadatchinjiriza makoma ku mvula. M'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, pansi amagulitsa zojambula ndi zosema, ndipo anthu amakhala pomwepo n'kumamwa khofi. Tsiku ndi tsiku wina amatsegula zitseko, wina amasesa, ndipo denga likayamba kudontha pamakhala woona msanga. Nyumba zakale zambiri zomwe ndaziona zitagwa sizinaphedwe ndi ukalamba. Anaziika loko, anthu n'kuchoka, chiswe ndi madzi n'kutsala zikudya.

N'chifukwa chake sinditsutsa komiti ya mpingo, khonsolo kapena banja likafuna kumanga holo ya anthu ndi mashopu pamalo a mbiri yakale. Malo otere amafuna anthu, amafunanso ndalama zowasamalira. Chomwe chimandiwawa mumtima ndi kamangidwe kake: mzere wa mashopu kutsogolo kwenikweni, nyumba ya makolo n'kubisika kuseri ngati bafa. Pamalo otere chakalecho ndiye mwini mudzi, ndipo chomwe mukumangacho ndi mlendo wobwera kudzathandiza ntchito. Zonse zili m'munsimu zikuchokera pamenepo.

1. Dziwani kaye chimene mukuteteza

Musathamangire kwa wojambula mapulani. Yalani kaye mphasa pansi pa mtengo, muitane amfumu ndi agogo a m'deralo, muwafunse kuti pamalopa panachitika chiyani. Amayi muwafunse paokha, chifukwa pabwalo la onse ambiri amangoti "zanenedwa kale", chonsecho ndi iwo akudziwa pomwe panali chitsime, pomwe panali chikuta, ndi pomwe anaika ana omwalira ali akhanda, pomwe lero palibe chizindikiro chilichonse.

Mudzadabwa kuti chamtengo wapatali nthawi zina si khoma ayi. Ku Nkhotakota anthu amapita kukaona mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860. Kwina ndi kanjira komwe maliro amadutsa popita kumanda, kwina ndi maonekedwe a tchalitchi munthu akamachokera kumsewu. M'madera a Achewa nkhalango ya kumanda ili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo simungaloze pamenepo n'kunena kuti mudzaika poimika magalimoto.

Mbiri yowawa nayo musaibise. Malo ena ndi a ukapolo, a thangata, a ndende. Ku Johannesburg, khoti la Constitutional Court linamangidwa pamalo a ndende ya Old Fort n'kutsegulidwa mu 2004. Atagwetsa mbali yomwe ankasungiramo oyembekezera mlandu, njerwa zake anazimangira m'khoma la khoti latsopanolo, masitepe ena a ndendeyo n'kuwasiya chiimire kuti aliyense wolowa aziona. Anasankha mwadala chochotsa ndi chosiya, ndipo anadziwa chifukwa chake.

Kenako fufuzani zolembedwa. Ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya ku Mandala ija mungapeze zithunzi ndi mapu akale, ndipo mipingo yambiri ili ndi mabuku ake m'makabati. Mukatha, lembani tsamba limodzi lokha lofotokoza chifukwa chomwe malowa ali ofunika. Pa chithunzi cha malowo gwiritsani ntchito mitundu itatu: wofiira pa zosakhudzidwa, wachikasu pa zomwe zingasinthidwe mosamala, wobiriwira pa zomwe zinaphatikizidwa pambuyo pake ndipo zikhoza kuchoka. Tsambali ndi lomwe mudzabwerereko mkangano ukabuka, ndipo udzabuka ndithu.

2. Konzani za mapepala

Tsimikizani mwini malo ndi malire ake, kaya ndi lizi, kaya ndi malo a makolo a m'manja mwa mafumu. Mukatero pitani ku Dipatimenti ya Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 silola kugumula kapena kusintha chipilala chotetezedwa popanda chilolezo cholembedwa, ndipo limafuna kuti boma lidziwitsidwe ntchito yomanga ikadali pa mapulani, kuti akatswiri apulumutse zomwe zingakhale m'nthaka. Ngakhale malo anu asali pa mndandanda wa zipilala za dziko, pitanibe mukafunse, ndipo yankho akupatseni polemba.

Chilolezo chomangira chimachokera ku khonsolo motsatira Physical Planning Act ya 2016, ndipo ntchito ikakhala yaikulu a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, akhoza kufuna kafukufuku wa momwe ikhudzire chilengedwe ndi anthu. Yambani zonsezi msanga. Wojambula mapulani ndi injiniya akhale olembetsedwa mwalamulo, ndipo muwafunse mosapita m'mbali ngati anagwirapo ntchito pa nyumba yakale. Mukaione nokha nyumbayo.

3. Yezani chomwe chilipo, pamwamba ndi pansi

Saveya ayeze malo onse: ngodya za nyumba yakale, kutalika kwa denga lake, kutsetsereka kwa nthaka, mitengo ikuluikulu, mapaipi ndi mawaya. Jambulani zithunzi za khoma lililonse, mng'alu uliwonse mutaikapo rula, n'kulemba deti. Zithunzizi zidzakuweruzani ndi kontirakitala akadzati mng'aluwo anaupeza.

Pali kuyeza kwina komwe saveya sangakuchitireni. Tsiku lomwe kukugwa chimvula, tengani ambulera mupite pamalopo. Onani komwe madzi akuchokera, pomwe akudikha, pomwe akumenya khoma akamagwa padenga. Mdani wamkulu wa nyumba yakale ndi madzi, ndipo nyumba yatsopano imabwera ndi denga lalikulu ndi bwalo la simenti zomwe zimasonkhanitsa madzi omwe kale ankalowa m'nthaka. Amene anaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa zomwe madzi osowa njira amachita.

Pomwe mukufuna kukumba maziko, akatswiri a zofukula akumbe kaye timayenje tating'ono toyesera. Mapale a mbiya, mikanda, zotsalira za ng'anjo kapena mafupa zikapezeka pano, mungosuntha pulani pa pepala. Zikadzapezeka thirakitala ili kale pamalo, mudzalipira masiku a anthu ongokhala.

4. Gwirizanani za ntchito ya nyumbayo ndi komwe lendi izipita

Apa khalanipo nthawi, chifukwa makomiti ambiri amagwera pano. Aliyense amabwera ndi lake: wina akufuna holo ya maukwati, wina resitilanti, wina chigayo poti chimabweretsa ndalama tsiku lililonse. Muyeso wake ndi umodzi: kodi ntchito imeneyi ingakhale moyandikana ndi chakalecho zaka makumi awiri osachivulaza?

Chigayo, wowotcherera zitsulo, galaja ndi malo ogulitsira mafuta zisayandikire. Zimagwedeza nthaka, zimatulutsa fumbi ndi utsi, ndipo ngozi ya moto ndi yaikulu pafupi ndi denga la mitengo youma ya zaka 100. Bala kapena malo a nyimbo zaphokoso pafupi ndi manda, tchalitchi kapena mzikiti zidzakudanitsani ndi anthu omwe mumati mukuwamangira. Zomwe zimakhala bwino ndi monga sitolo ya mabuku, telala, famase, maofesi ang'onoang'ono, malo odyera, ogulitsa zosema ndi zoluka, ndi zipinda zogona alendo. Ku Livingstonia, Stone House ya 1903, momwe ankakhala Dr Robert Laws, yakhala ikusunga zinthu zakale mbali ina n'kumalandira alendo mbali ina.

Mbali ya anthu isakhale yotsalira. Ndaonapo mapulani pomwe holo inkachepa pa msonkhano uliwonse wa komiti, mashopu akuwonjezeka, mpaka inatsala kachipinda kosungira mipando. Lembani poyambirira: holo ya anthu angati, kalasi ya sukulu ya kwacha, pokumanira banki m'khonde, powerengera ana asukulu madzulo. Lembaninso masiku omwe anthu a m'deralo azigwiritsa ntchito holoyo mwaulere kapena pamtengo wotsika, chifukwa Loweruka lililonse likagulidwa ndi maukwati a anthu ochokera kutali, eni malo adzangoyang'anira pawindo.

Tsopano nkhani ya ndalama. Gwirizanani, molemba ndi mosainira, gawo la lendi lomwe lizipita ku akaunti yapadera yosamalira nyumba yakale, akauntiyo ikhale ya osainira atatu. Popanda zimenezi mashopu adzapakidwa penti chaka ndi chaka, nyumba yomwe inakupatsani chifukwa chomangira ikudontha. Ndipo werengerani modzichepetsa: ganizani kuti mashopu ena adzakhala miyezi opanda munthu. Ndalama zikachepa mangani pang'onopang'ono, koma gawo loyamba likhale kukonza denga ndi ngalande za nyumba yakale.

5. Sankhani poika nyumba yatsopano, ndi msinkhu wake

Imani pachipata pomwe anthu amalowera. Chomwe maso akuyamba kuona chikhalebe chakalecho ntchito ikadzatha. Choncho nyumba yatsopano ipite m'mbali kapena kumbuyo. Amalonda adzadandaula kuti akufuna kuyang'ana kumsewu, ndipo akunena zoona, shopu yobisika siyenda malonda. Njira yake ndi kuika mashopu m'mphepete mwa malo, mzere wake uyambire kumsewu n'kumalowa m'kati, kutsogolo kwa nyumba yakale kukhale bwalo lotseguka. Wogula akalowa pakhonde la mashopu, maso ake azigwera pa nyumba yakaleyo.

Msinkhu usapose wa chakale. Ngati nyumba yakale ndi yapansi, yanunso ikhale yapansi, kapena mupezerepo mwayi pa kutsetsereka kwa malo kuti chipinda china chikhale chakumunsi. Holo imafuna denga lalitali, ndiye iyeyo ndi yoyenera kutalikira kwambiri. Chinyumba chimodzi chachikulu chimameza malo, pomwe nyumba ziwiri kapena zitatu zazing'ono zolumikizana ndi khonde zimakhala ngati zinalipo kale.

Siyani mpata pakati pa chakale ndi chatsopano. Nyumba zambiri za nthawi ya amishoni zili ndi maziko osaya, a miyala kapena njerwa zomangira dothi. Mukakumba dzenje lakuya pafupi nazo, nthaka imasuntha, khoma n'kung'aluka. Mwachidule, dzenje latsopano likapitirira pansi pa maziko akale ndi mita imodzi, litalikirenso mita imodzi kapena kuposerapo, koma mawu omaliza ndi a injiniya ataona nthakayo. Ngati n'kofunika kulumikiza nyumba ziwirizo, mangani kanjira kofolera kopepuka, koima pa nsanamira zakezake, kosakoloweka m'khoma lakale, koti tsiku lina kangachotsedwe osasiya bala. Tili m'dera la zivomezi, monga anaonera a ku Karonga mu December 2009, ndipo nyumba ziwiri zolemera mosiyana zikamangiriridwa pamodzi zimakokana.

Mitengo ikuluikulu ipatseni malo ake. Mizu imafika kutali kuposa momwe timaganizira. Yezani kunenepa kwa thunthu kuchokera mbali ina kufika inzake, muchulukitse ka 12: mtengo wa thunthu la mita imodzi usakumbiridwe kapena kuunjikiridwa mchenga mamita 12 kuzungulira.

Zimbudzi, thanki ya zonyansa, khitchini, jenereta ndi potayira zinyalala zikhale kumunsi kwa malo, kutali ndi chakale, ndipo galimoto yobweretsa katundu ikhale ndi njira yakeyake. Makoma aatali a nyumba yatsopano ayang'ane kumpoto ndi kummwera kuti dzuwa lamadzulo lisawotche holo. Ikani khonde lotambalala ndi mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, nzeru yomwe mungaitenge kwa nyumba yakale yomweyo. Holo ikhale ndi makomo otulukira osachepera awiri, zitseko zotsegukira kunja. Njira ya njinga za anthu aulumali ikwere mita imodzi pa mamita 12 alionse, ndipo ikhale pakhomo lalikulu pomwe aliyense amalowera, osati kuseri.

6. Zipangizo: zigwirizane, koma zisanamizire

Pali chiyeso chofuna kuti nyumba yatsopano ioneke ngati yakale, yokhala ndi mawindo okhota ndi nsanamira zokongoletsa. Musatero. Mgwirizano wa akatswiri wa Venice Charter wa 1964 unatsindika kuti chowonjezera chizizindikirika kuti ndi cha nthawi yake, kuti mbiri isasokonezeke. Mwana wa sukulu akabwera azitha kuloza yekha kuti iyi ndi ya makolo, iyi ndi ya lero. Chomwe mungabwereke ndi kupendekeka kwa denga, kutalika kwa khonde, kutalikirana kwa nsanamira ndi mtundu wa dothi la pamalopo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, chili ndi njerwa zoumbidwa m'maonekedwe osiyanasiyana ndi manja a anthu akuno. Woyesa kutengera zimenezo ndi mabuloko ndi pulasitala angochinyoza. Khoma losalala, lodekha, la mtundu wogwirizana nacho ndilo lingachipatse ulemu.

Kumbukiraninso kuti malamulo omwe anakhazikitsidwa mu 2018 kudzera ku NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, saloleza njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Njerwa zopanikiza ndi makina, za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimathandiza pamenepa, chifukwa zimatuluka ndi mtundu wa nthaka ya pamalopo ndipo zimakhala bwino pambali pa njerwa zakale.

Pokonza nyumba yakaleyo, simenti ikhale kutali. Ndikunena izi chifukwa ndinalakwitsapo. Ndili m'komiti ina yomanga, tinaona khoma la kalasi yakale likufumbutuka m'munsi, ndipo tinauza mmisiri kuti alimate pulasitala wa simenti wolimba. Linaoneka bwino, tonse tinakondwa. Patapita nyengo ziwiri za mvula ndinagogoda pakhomapo ndi chala n'kumva kulira ngati ng'oma. Mmisiri atatokosa ndi chipande chake, chibenthu chachikulu ngati chitseko cha kabati chinagwa, chitamatirira nkhope za njerwa kumbuyo kwake. Njerwa zotsalazo zinali zonyowa, zofewa, zoti n'kuzikanda ndi chikhadabo. Khoma lakale limapuma: limamwa chinyontho n'kuchitulutsa. Simenti inatsekera madziwo m'kati. Chofunika chinali laimu ndi mchenga, pafupifupi muyeso umodzi wa laimu pa itatu ya mchenga, ndipo tisanamate n'komwe tinayenera kukonza ngalande yomwe inkathira madzi patsinde pa khomalo. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandipweteka.

Penti ya mafuta pakhoma lakale imachita chimodzimodzi, ndiye pakani laimu. Chitseko kapena windo lakale likawola mbali imodzi, kalipentala adule powolapo n'kulumikiza thabwa la mtundu womwewo m'malo motaya chonse.

Za zikwangwani gwirizanani pano, zilowe m'pangano la lendi: kukula kwake, pomwe zizikhomedwa, ndiponso kuti palibe wopaka khoma lonse mtundu wa kampani yake. Pakhoma lakale pasakhomedwe msomali.

7. Aonetseni anthu pamalo pomwepo

Anthu ambiri satha kuwerenga pulani, ndipo amavomera pamsonkhano chifukwa cha ulemu. Tengani zikhomo ndi chingwe, mulembe nyumba yonse pansi ndi laimu kapena phulusa. M'ngodya zake imikani nsungwi zotalika ngati denga lomwe mukufuna, mumange nsanza yofiira pamwamba. Kenako itanani amfumu, akulu a mpingo, amayi, achinyamata, amalonda ndi a ku dipatimenti ija, muyende nawo kuchokera kumsewu. Pamenepo m'pomwe gogo wina adzakugwirani mkono n'kunena kuti, "Bambo, ngodya iyi mwaponda pomwe tinkaimika maliro." Kusuntha chikhomo ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi la anthu ambiri kuposa omwe ali m'komiti.

8. Mangani kontirakitala ndi pangano, kenako muziyendera

Zonse zomwe mwagwirizana zilowe m'pangano la ntchito, chifukwa chomwe sichinalembedwe sichilipiridwa ndipo sichichitika. Mpanda wa malata uzungulire nyumba yakale, mitengo ndi manda tsiku loyamba, thirakitala isanafike. Nyumba yakale isakhale sitolo ya simenti kapena kogona alonda, chifukwa moto wophikira ndi umene umayambitsa ngozi. Makina ogwedeza nthaka asagwire ntchito pafupi nayo, pamenepo atsendere ndi manja. Kukumba kuchitike m'chilimwe, pakati pa May ndi October, ndipo ngalande zikhale zitatha mvula yoyamba isanagwe.

Lembaninso chochita akapeza chinthu m'nthaka. Ntchito iime pamalo pomwepo, chinthucho chisasunthidwe, aphimbe ndi lona, folomani aimbire wapampando, wapampando adziwitse a dipatimenti, ndipo akakhala mafupa a munthu adziwitsenso amfumu ndi apolisi. Auzeni anyamata okumba kuti wonena sadzadulidwa malipiro a tsikulo, apo ayi adzakwirira mwakachetechete kuti ntchito isaime.

Pa ming'alu yomwe munajambula ija matani timizere ta laimu mopingasa, mulembepo deti. Sabata iliyonse munthu mmodzi wa m'komiti, yemweyemweyo, azizungulira nyumbayo ndi kope. Kamzere kakathyoka, khoma likusuntha: imitsani kukumba, muitane injiniya tsiku lomwelo.

Kontirakitala asanalandire ndalama zomaliza, akupatseni mapulani osonyeza pomwe mapaipi ndi mawaya adutsa, ndipo kope lina mukasiye ku dipatimenti. Musankhenso munthu, dzina lake lilembedwe m'maminitsi, woti mwezi wa October uliwonse azikwera makwerero kukachotsa masamba m'magatala a nyumba zonse ziwiri, kuona malata omasuka, ndi kufufuza njira za chiswe patsinde pa makoma.